Mzere wa Choko pa Mpando wa Alamu Anu

Lachinayi, 16 Meyi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse kunyumbako. Bondo lija likuti bwanji? Musandinamize ngati ulendo watha uja, pomwe munati mwachira koma mwana wanu n'kundiuza kuti mukuyenda chogwira khoma. Ife kuno tilipo. Ntchito yanga yosoka ikuyenda, kungoti maso ayamba kundichitira mwano ndikamalowetsa ulusi pa singano.

Mwakhala mukufunsa kuti tidzabwera liti kudzakuonani, komanso kuti tidzabwera pa chiyani, poti basi ya kwanuko imayenda tsiku lomwe yafuna yokha. Ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndi nkhani ya mpando wa njinga yamoto ya alamu anu, chifukwa yankho lili momwemo. Pa foni sindikanatha kufotokoza. Inu mumayamba kuseka munthu asanafike ndi pakati pomwe.

Mukudziwa kuti alamu anu ndi njinga yawo ija salekana. Mijigo ndi mapampu amene amakonza sali pafupi ayi, ndipo misewu yake ndi ya maenje okhaokha. Kuyambira chaka chatha msana unayamba kuwavuta. Ankati akafika pakhomo, kuzimitsa njinga, basi n'kungokhala pomwepo duu. Ine poyamba ndinkayesa akupemphera kuthokoza kuti ayenda bwino. Pambuyo pake ndi pomwe ndinazindikira kuti munthuyo akusonkhanitsa mphamvu zodutsitsira mwendo. Akatsika ankayenda chowerama, atatang'adza, mpaka kukafika pa mpando wa pakhonde. Ndikafunsa ankangoti, “Palibe kanthu amayi, ndi dzanzi chabe.”

Ndinachita kuwakokera kuchipatala. Adokotala sanazungulire. Anati, “Bambo, msana uwu watopa ndi kugwedezeka. Mupeze pokhalira potambalala, pochirikiza chiuno bwinobwino. Apo ayi, maulendo ataliatali muwaiwale.” Pobwerera ine ndinachita mantha. Munthu uja mukamulanda njinga mwamulanda ntchito, ndipo mwamulandanso chimwemwe chake chonse. Komanso taganizani, achemwali, kukhala nawo pakhomo tsiku lathunthu alibe chochita! Akhoza kumasula makina anga osokera kuti aone zili m'kati, ukwati n'kuthera pomwepo.

Anayamba ndi nzeru zawozawo. Anatenga mtsamiro wanga, osapempha, n'kuumanga pa mpando ndi mphira. Sunabwerenso. Unatsalira pa bampu ina kutali uko, ndipo pano mwina wina wake akugonera mosangalala. Kenako anagula kamphasa ka mikanda ya mitengo kaja amayala madalaivala. Atabwerako ku ulendo anandiitana kubafa kuti ndidzaone mmene mikandayo inawadindira kumbuyoku. Ndinapita ndi nkhope ya chisoni monga mkazi wabwino, koma nditaona ndinaseka mpaka kukhala pansi. Anakwiya, koma chakudya anadya.

Loweruka lina anati ndiwaperekeze ku sitolo ya zipangizo za njinga. Mipando inali ndandanda pakhoma, yakuda, yofiirira, ina yosokedwa timabokosi pamwamba, ina akuti ili ndi mpweya m'kati. Mukanaona mmene amuna amasankhira mpando! Kudina ndi chala chachikulu ngati akuyesa papaya pamsika. Anatenga wofewa kuposa yonse, ine n'kuvomereza kuti eya, womwewo. Tonse tinapusa. Mpando wofewa ndi wabwino pokagula buledi pagolosale. Pa ulendo wautali alamu anu anamira pang'onopang'ono mpaka anakakhala pa chitsulo chenichenicho, thukuta lili kamukamu, ndipo anabwerako atapindika kuposa kale. Mwayi wake ogulitsayo anali atalola kuti ukapanda kuwayanja adzasinthe.

Tsiku lokasinthalo ndi pomwe nkhani inafika penipeni. Ogulitsa analowa kuseri n'kutulutsa mpando wina wotambalala, wokwera pang'ono kumbuyo kuti uzigwira chiuno, wolimba bwino. Anauika pa njinga n'kunena kuti, “Madala, tayesani uwu.”

Alamu anu atakhala, nkhope yonse inamasuka. Anatsinzina, n'kupuma mpweya wautali. “Eee! Uwu ndiye mpando, achimwene.” Kenako anatembenuka, dzanja likufufuza kumbuyo, n'kungogwira chitsulo. “Nanga amayiwa akhala pati?”

“Uwu ndi wa munthu mmodzi, madala. Kumbuyoku anzanu amamangako bokosi la zida. Amayi si azikwera basi?”

Ine ndinayankha msangamsanga, alamu anu asanatsegule pakamwa. Ndinati, “Tengani womwewu, bambo. Ine njinga yanuyi ndimakwera kangati? Ndipo ndikakwera si ndimangodandaula njira yonse?” Zonsezo zinali zoona. Koma achemwali, pakamwa panayankhula bwino pomwe mumtima munali zina. Ndinaona m'maganizo bokosi la masipanala litakhala pamalo panga, likuyenda ndi amuna anga uku ndi uku, ine ndikuwabayibitsa pa geti. Zinandiwawa, ndisabise. Mayi wamkulu ngati ine kuchitira nsanje bokosi la masipanala! Alamu anu anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kutsika. Anauza ogulitsa kuti tikaganize kaye.

Pamzere wa mashopu pomwe ndimagula ulusi ndi mabatani pali bambo wina wokonza mipando ya magalimoto ndi ya njinga. Aliyense amangowatcha a Siponji, chifukwa tizidutswa ta siponji sitichoka m'tsitsi ndi m'ndevu mwawo. Sachedwa kupsa mtima, koma ntchito ya manja awo palibe amaidandaula. Alamu anu anakasiya kumeneko mpando wakale uja kuti aukonze mwatsopano, iwo n'kumayendera kaye wofewa uja pa maulendo apafupi. Atabwera kunyumba anati, “Zatheka, amayi. Aika siponji yolimba pansi, yofewerako pamwamba, autambalalitsa. Tonse tikwana.” Koma “tonse tikwana” ameneyo ananena akuyang'ana m'mbale. Munthu ndakhala naye zaka zonsezi, ndinadziwa kuti pali chimene akubisa.

M'mawa mwake ndinati ndikagule ulusi, ulusi ndili nawo wodzadza kabati. Ndinapeza a Siponji akusoka chikopa cha mpando wa minibasi, ndipo sanadzutse n'komwe mutu. Nditadzifotokoza anatulutsa chitsulo cha mpando wathu, pamwamba pake atayikapo chidutswa chachikulu cha siponji yatsopano yosadula.

“Chitsulo chapansichi sindingachitalikitse, mayi,” anatero. “Chimayambira pa thanki, chimathera pa kaliyala, basi. Ndikapatsa wakumbuyo ndalanda wakutsogolo. Mzere uwu ndiwo malire, ndidula motsata umenewu.”

Ndinayang'ana mzerewo, wojambulidwa ndi pensulo. Abale inu! Mbali yanga inali bwalo lonse, loti n'kuyalapo nsalu n'kudula diresi. Mbali ya alamu anu kanali kachidutswa koti ngakhale mphaka akhoza kudandaula.

“Ajambula okha amuna anu,” anatero a Siponji. “Ndawauza kuti mukhala chopanikizana ndi thanki, msanawo upitirira. Ati chitani zomwe ndanena.”

Ndinapsa mtima, komanso misozi inali pafupi, zonse nthawi imodzi. Munthu adokotala amuuza zomveka, iye akukagawa malo a msana wake ngati akugawa maswiti! Ndinapisa m'thumba la epuloni, n'kutulutsa choko changa cha buluu chodindira nsalu. Ndinafufuta mzere wawo ndi chala n'kujambula wanga kumbuyo kwenikweni. Ndinati, “Dulani apa. Ine kachidutswa aka kandikwana.” A Siponji anayang'ana kachidutswako, n'kundiyang'ana ine, n'kuyang'ananso kachidutswako. Koma ine ndine telala, maso oyeza m'chiuno mwa munthu ndimawadziwa. Ndinawauza kuti asawauze amuna anga, n'kutuluka mutu uli m'mwamba.

Nzeru zanga zinaperewera pa chokocho. Alamu anu atadutsako kukaona ntchito anachizindikira nthawi yomweyo, poti ndi chomwe chimawadetsera malaya akakhala pafupi ndi tebulo langa. Anafufuta, n'kubweza mzere wawo. Ine nditapitanso kukagula ulusi wina wosafunika ndinapeza pensulo yabwerera, ndiye ndinafufutanso. Zinapitirira choncho. Kunyumba palibe ankatchula za mpando, tinkangopatsana ulemu wodabwitsa. “Tiyi wakwana shuga, bambo?” “Wakwana kwambiri, amayi, zikomo.” Mukanatimva mukanati ndife alendo okumana pa depoti.

Anatopa ndi a Siponji. Anachita kubwera okha pakhonde pomwe ndimasokera, ndevu zili mbuu, n'kuima manja ali m'chiuno. “Mayi, siponji yanga yasanduka bolodi la kusukulu. Mawa mubwere nonse awiri, ndi njinga yomwe. Mukapanda kutero mudzatenge chitsulo chanu, muzikakhalira chomwecho.”

Tinapita. Titangofika, ulemu wonse uja unathera pakhomo la shopu.

Ndinayamba ndine. “Kodi bambo, adokotala ananena za msana wa ndani?”

“Nanga inu muzikhala pa kaliyala ngati thumba la simenti?”

“Ndizikwera basi.”

“Basi? Kwa achemwali anu mukafika chaka chamawa.”

“Bola kuchedwa, kusiyana n'kukhala ndi mwamuna woyenda choyang'ana pansi ngati wataya singano.”

“Ine sindiyenda ndi bokosi kumbuyo ngati munthu wopanda banja. Ndakana.”

A Siponji anangotisiya, uku akuimika njinga pa sitandi yapakati panja pa shopu. Anachotsa mpando wofewa uja, n'kuikapo chitsulo chathu, siponji yosadula ija ataimanga ndi mphira. Kenako anati, “Mwatha? Kwerani. Mukhale mmene mumakhalira panjira, osati ngati mukujambulitsa. Ndipo musatsike ndisananene.” Atatero analowa m'kati kukapitiriza kusoka za minibasi.

Taganizani manyazi ake, achemwali. Anthu awiri a imvi, masana dzuwa likuswa mtengo, tili pa njinga yosalira m'mbali mwa msewu, nkhope zili ndwii. Mayi wina wogulitsa mabatani, amene timadziwana, anatulukira pakhomo n'kukweza dzanja, amvekere, “Muyende bwino! Mukapereke moni!” Ometa tsitsi a pafupi anasiya munthu mutu uli theka kuti adzaonerere. Ndinkafuna nthaka itang'ambika. Koma nthawi itapitako thupi linaiwala anthu, n'kukhala mmene linazolowerera. Ine ndinabwerera m'mbuyo, msana uli njo, manja onse awiri atagwira kaliyala. Alamu anu anasendera kutsogolo, mawondo atapana thanki.

A Siponji anatuluka akupukuta m'manja. Anatizungulira, kuwerama, kusuzumira mbali iyi ndi iyo. Kenako analowanso, n'kubwera ndi chitini chachikulu cha guluu. Anachikhazika pa siponji, pakati pa ine ndi alamu anu. Chinakhala bwinobwino, osakhudza aliyense wa ife.

“Nanga apa pamakhala ndani?” anafunsa.

Ndinayang'ana chitinicho, ndipo ndinadziwa. Pamenepo mpomwe pankakhala ana, achemwali. Woyamba anakhalapo mpaka miyendo itatalika, n'kusiyira mng'ono wake, mng'ono wakeyo n'kusiyira mzime wathu. Paja mzimeyo sankachedwa kugona panjira, tsaya litatsamira pa msana wa bambo ake, dovu likunyowetsa malaya. Ine ndinkabwerera m'mbuyo kuti mwana apume, bambo ake n'kusendera kutsogolo kuti asamupane. Mwanayo lero ndi wamtali kuposa bambo ake, ali kutali ku ntchito yake, ndipo ife tinali tikumusungirabe malo osadziwa.

Alamu anu anapotoloza khosi, n'kuona chitinicho. Kenako anati motsitsa mawu, “Ndi pa mwana apa.”

“Mwanayo ali kuti?” anafunsa a Siponji.

“Anakula.”

“Adzakweranso?”

“Aaa, ameneyo ali ndi yake, yaikulu kuposa iyi.”

A Siponji anachotsa chitini chawo n'kuchiika pansi. “Ndiye mwandidetsera siponji kulimbirana chiyani, malo ali apa? Tasenderani kutsogolo, mayi.”

Ndinasendera pang'ono.

“Ndati senderani. Ndi amuna anu omwe, si a eni.”

Ometa tsitsi aja anaseka mpaka kugwira pamimba. Ine misozi inali itayamba kale kutsika, ndipo sindinkadziwa ngati ndikulira kapena ndikuseka. Ndinasendera mpaka kukhudza msana wawo. Kaliyala anatsala kutali, manja anga n'kusowa kogwira, ali lendelende m'malere. Alamu anu, osatembenuka, anawagwira onse awiri n'kuwazunguliza pamimba pawo. Mimba imeneyo ndinaisiya ili yaing'ono, achemwali. Pano zala zinangokumana nsonga zokha. Ndinawanong'oneza kuti, “Zonsezi mwasunga liti?” Iwo amvekere, “Ophika ndinu.” Ndinamva kuseka kwawo kukugwedeza pachifuwa panga, ndipo iwo anabwerera m'mbuyo pang'ono, mawondo n'kumasuka pa thanki.

A Siponji anajambula mzere umodzi ndi choko chawo choyera, kuzungulira pomwe tinakhala, n'kutiuza kuti titsike tisanawabweretsere msonkhano pakhomo. Anawonjezera kuti aliyense wa ife akadzaonekanso pafupi ndi siponjiyo ali ndi cholembera m'manja, adzamuthira guluu.

Mpando unatuluka sabata yatha. Ndi wakuda, wosokedwa ndi ulusi wokhuthala, ndipo ndauyang'anitsitsa misoko yake sindinapezepo chonena, ngakhale ndinayesetsa. Mbali ya alamu anu ndi yotambalala ngati wa m'sitolo uja, yolimba, yokwera pang'ono pogwira chiuno. Mbali yanga ikuyambira pomwepo, ndipo ndi yokwana mayi wa msinkhu wanga popanda chotsalira m'mbali. Bokosi la zida lili pa kaliyala, kumbuyo kwa ine, komwe liyenera kukhala.

Lolemba anali ndi pampu yokakonza kutali, ndiye anati tiyeni tikauyese. Ndinatseka makina n'kupita nawo. Msewu wake unali woipa zedi, koma china chinandidabwitsa kuposa mpandowo. Kodi mukudziwa kuti alamu anu amayankhula akamayendetsa? Zaka zonsezi ine ndinkati munthuyu panjira ndi bubu, ndipo ndinkanyong'onyeka n'kumangowerenga maenje. Kani amalongolola njira yonse, kungoti mawu ankapita ndi mphepo asanandifike! Amalonjera ng'ombe, amakalipira mabampu, amafotokoza mjigo uliwonse womwe tadutsa ndi matenda ake. Amaimbanso, moipa kwambiri. Nditawafunsa kuti mwayamba liti zimenezi, anati, “Kuyambira kale. Ndinkangoti simuyankha chifukwa mwakwiya ndi fumbi.”

Titabwerera kunyumba anazimitsa njinga n'kutsika nthawi yomweyo, osayamba apemphera. Anayenda chowongoka mpaka pakhonde, n'kubwereranso kudzanditsitsa ine. Sindikunena kuti msana wachiriratu, adokotala ati azipumira panjira ndi kumadziwongola, ndipo ine ndi amene ndizionetsetsa zimenezo. Koma ntchito sasiya, ndipo makina anga apulumuka.

Tsono yankho lanu ndi ili. Tikubwera kumapeto kwa mwezi uno, tonse awiri, pa njinga imodzi. Musavutike ndi zambiri, mungotikonzera madzi osamba otentha. Ngati magalasi anu akale owerengera aja mukadali nawo, mundisungire ndidzayese. Nsalu ya diresi lanu ndadula kale, ndidzamalizira konko nditakuyezaninso, chifukwa muyezo womwe munanditumizira sindikuukhulupirira. Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukadzationa tikulowa pa geti ine nditawakumbatira alamu anu ngati kamtsikana, musadzaitane aneba. Mudzaseke nokha, m'nyumba, chitseko chili chotseka.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana onse, ndipo bondolo muzilipumitsa. Alamu anu kuno akupereka moni wambiri, ati ndikuuzeni kuti msana uli bwino, mudzaona nokha. Chimene sakudziwa n'chakuti kuyambira Lolemba lija mapewa ndi mikono yanga zikuwawa koopsa, moti kalatayi ndalemba mopumira. Mikonoyi inaiwala ntchito imeneyi kalekale. Chonde musadzawauze. Ndimawadziwa, adzayamba kundimvera chisoni n'kunena kuti ndizigwiranso kaliyala, ndipo ine sindikufuna kuwasiyanso.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Telala wanu uja